Nsapato za ba Shamilimo

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa andipatsa kanthawi kochepa, koma ndineneretu kuti ndiberako pang'ono, chifukwa zimene ndabwera nazo zakhala pakhosi panga nthawi yaitali. Kwa alendo, ine ndine Yotamu Tembo, telala wa pakhonde la sitolo pamsika wa Rufunsa. Mayunifolomu ambiri amene amayi a chigwirizano mwavalawa anatuluka pamakina anga opalasa ndi phazi. Zimene zili m'kathumba aka ndikuonetsani pomaliza, musathyole makosi.

Aka si koyamba kuimirira pano. Akuluakulu mukukumbukira tsiku limene ndinachitira umboni kuti ndasiya kachasu. Munaimba, amayi anaimba nthungululu, mkazi wanga amake Tisa analira. Titatuluka panja, mkulu wina wa mpingo anandiika botolo la dirinki lozizira m'manja nati, "A Tembo, kuyambira lero mowa wanu ndi uwu." Ndinamwa pamaso panu nonse, inu mukuomba m'manja. Sindikunena kuti mkuluyo anali ndi mtima woipa. Koma tsiku limenelo munandivuula m'dzenje lina n'kundikhazika bwinobwino m'dzenje linzake, ndipo la chiwirili linali ndi dalitso la mpingo.

Munthu amene anazolowera botolo, dzanja lake silikhala chabe. Makina anga ali pakhonde, firiji ili kumbuyo kwanga, kungotembenuka khosi. M'mawa botolo ndi mabanzi. Masana botolo lotsitsira nsima. Dzuwa la mwezi wa Okutobala likafika pamutu, ndinkachita kusiya kuwerenga. Makasitomala akakondwa ndi diresi, kuthokoza kwawo kunali botolo. Ndikapita kukayeza munthu kunyumba kwake, amatuma mwana kukantemba kukagula botolo, chifukwa kwathu kuno kupatsa mlendo madzi ati n'kumunyoza. Pamaliro kireti, paukwati kireti, pamsonkhano wa madodana, abambo a mumpingo, kireti. Madzi ndinkawaona posamba ndi pochapa basi.

Mimba inatuluka. Mathalauzi anga ndinkawakulitsa ndekha, poti makina ndi anga, kufikira nsalu ya m'chiuno itatha. Inu munkati chiyani? "A Tembo mwanenepa, taonani mmene Mulungu amadalitsira osiya mowa." Ine n'kumasisita mimba ngati ndi chuma. Mano awiri akumbuyo anabooka, ndinakazula, n'kubwerera pakhonde kudzatsukuluza mkamwa ndi dirinki yemweyo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kenaka linabwera ludzu. Ludzu limenelo simungalimvetse ngati silinakugwireni. Lilime limauma ngati chikopa, umamwa, usanaike botolo pansi ludzu labwerera. Ine ndinkalithira dirinki, osadziwa kuti ndikuthira parafini pamoto. Kukodza kunali kosalekeza, mpaka anzanga a pamsika ankandiseka kuti ndasamukira kuchimbudzi. Amake Tisa anandiuza tsiku lina kuti pamene ndimatayira madzi kuseri kwa nyumba pakudzaza nyerere. Ndinawayankha kuti asiye kulondalonda mwamuna ngati nkhuku. Maso anayamba chifunga, ulusi osalowa pasingano. Thupi lija munkaliyamikira linayamba kusungunuka, mathalauzi aja ndinayamba kuwabweza. Pamenepo nyimbo inasintha. Ena ankanong'ona kuti ndi matenda aja, ena kuti atelala anzanga andiponda. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana chimene chinali m'dzanja langa. Nditafooka, mnyamata wa m'sitolo anandilangiza timabotolo topatsa mphamvu tija, nane ndinawonjezera pamwamba.

Tsiku lina nditaweruka, amake Tisa anaona magazi papatapata wanga wa kumanja. Atatembenuza phazi anapeza phini wa nsalu atalowa yense pansi pa chala chachikulu. Ndinali nditapalasa naye makina, n'kuyenda naye kuchokera kumsika, osamva kanthu. Ine ndinaseka, ndinati phazi la mwamuna ndi limeneli. Tinazula, ndinamanga ndi kansanza ka chitenje, m'mawa ndinabwerera kuntchito. Chilonda sichinapole. Chinatupa, chinayamba kutuluka madzi, kenaka fungo. Makasitomala ankaima patali poyezetsa. Pamene chala chinayamba kuda, amake Tisa sanandifunsenso, anangoimitsa minibasi n'kupita nane kuchipatala cha mishoni.

Kumeneko anandibaya chala, kamakina kanawerenga, sisita anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndabwera ndikuyenda ndekha. Anati ndi matenda a shuga, ndipo akhala m'thupi nthawi yaitali, adya kale mitsempha ya kumapazi, n'chifukwa chake phini sindinamumve. Anandifunsa zimene ndimadya ndi kumwa. Nditafotokoza anagwira pakamwa. Anandiuza mosabisa kuti matendawa ali ndi njira zambiri, ena amayenda m'magazi a pabanja, ena kunenepa ndi kukhala pansi tsiku lonse, koma ine ndinawatsegulira chitseko chachikulu ndi botolo. Anati botolo limodzi lija lili ndi shuga amene sungayerekeze kuthira m'kapu ya tiyi anthu akuona. Analamula kuti dirinki ndisayandikirenso. Ndinavomera ndi mutu ngati mwana wa sukulu.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene inu mukulowa m'nkhani. Mwambo wathu mumaudziwa. Wodwala sitimuona chimanjamanja, ndipo chimene timanyamula ndi botolo ndi mabanzi. Tikafika timatsegula tokha, n'kumupatsa m'manja, n'kuima pomwepo kufikira alawe. Akamwa timati, "Ayi, aliko bwino, akumwa." Akakana timapita kukalengeza kumudzi kuti zinthu zavuta. Munabwera, abale anga, ndipo ndikuthokoza kuti munabwera. Anabwera madodana, a kwaya, achibale a ku Petauke, anzanga a pamsika. Aliyense botolo. Pakhomo la wodi anamwino ankaletsa, ndiye munkakulunga m'chitenje, ena pansi pa Baibulo m'chikwama. Munkazembetsa ngati mukundichitira chifundo chachikulu.

Ine ndinkamwa. Ndinkati ndingakane bwanji munthu amene walipira minibasi kudzandiona. Koma ndisanamizire ulemu wokha, mtima wanga unkalifunanso. Alendo akapita, zotsala ndinkamalizira pansi pa bulangeti. M'mawa anamwino akubaya jekeseni wotsitsa shuga, masana mpingo ukumukweza. Amake Tisa ankaona, koma akanatani pamaso pa akuluakulu? Ankangotola mabotolo opanda kanthu n'kukataya kutali.

Adokotala anabwera tsiku lina m'mawa, anavundukula phazi, naliyang'anitsitsa. Kenaka anati, "A Tembo, shuga wanu sakutsika, ndipo sitikumvetsa chifukwa chake. Chilonda sichingapole chonchi. Kudaku kukukwera. Zikapitirira, tidzadula mwendo pansi pa bondo kuti tipulumutse moyo." Ndinayang'ana phazilo. Limeneli ndi limene linaphunzitsa Tisa mpaka kukoleji, ndi limene limagula feteleza. Telala wopanda phazi la kumanja, makina ake amasanduka thebulo loikapo maluwa. Ndinachita mantha kwambiri. Koma masana omwewo kutabwera mlendo, ndinamwanso. Ukapolo wake ndi wotero.

Pabedi loyandikana nane panagona ba Shamilimo, bambo wa ku Shikabeta, mwini kantemba kumudzi kwawo. Iwo mwendo wa kumanzere anali atadula kale. Anali munthu wosalankhulalankhula, ankangoyang'ana kudenga. Madzulo amenewo, alendo atatuluka, ndinamva akundiitana.

"Ba telala, nsapato muvala saizi bwanji?"

Ndinati eyiti.

"Na ine eyiti. Mulungu ni wabwino." Anatsegula kakabati ka pambali pa bedi, natulutsa nsapato yakuda, yachikopa, yonyezimira. "Izi ninagulira ukwati wa mwana wanga, ninavala kamozi chabe. Tengani iyi ya kumanzere, ine nilibe nayo nchito. Imwe bakakudulani wa kumanja, munipatseko zanu za kumanja. Kuchoka apa tizigula peya imozi, tigabana."

Magazi anandiwira. Ndinati, "Bambo, mukundilosera tsoka? Ndakulakwirani chiyani?"

Iwo sanakweze mawu. "Sinilosera. Nimakuonani pansi pa bulangeti. Ine ninachita chimozimozi pa bedi ino, bululu banga, babale ba kumunzi, benze kubweresa, ine nikumwa. Manje onani." Anakweza nsalu, ndinaona chitsa chokulungidwa m'mabandeji. "Tengani chabe. Ni nsapato yabwino, isaonongeke."

Anatambasula dzanja n'kuiika pakakabati kanga, pafupi ndi mabanzi. Ndinafuna kuitaya pawindo, koma kudzuka sindikanatha. Inakhala pomwepo, ikundiyang'ana. Ndikatembenukira kukhoma, ndimaionabe m'maganizo. Ndinadziona ndikutsika minibasi ndi ndodo ziwiri, nsapato ya mwini kuphazi, mwendo wa thalauzi wina nditaupinda ndi phini. Ndinayamba kuganiza mmene ndidzausokere kuti usamalendewere. Pamene ndinazindikira kuti ndayamba kale kuyeza thalauzi la munthu wa mwendo umodzi, ndipo munthuyo ndine, misozi inatsika yokha.

Tsiku lotsatira masana anafika amayi a chigwirizano, atavala mayunifolomu osoka ine. Anatsogolera amayi Zulu, apampando, ndipo ndapempha chilolezo chawo kuti ndiwatchule, ali apo. Anaimba nyimbo motsitsa, anapemphera pemphero lamphamvu lopempha kuti Mulungu achiritse phazi langa. Atati ameni, amayi Zulu anamasula chitenje, natulutsa botolo lalikulu la olenji, likuchita thukuta ndi kuzizira. Anapotokola chitsekero. Kaphokoso kaja mumakadziwa. Malovu anadzaza mkamwa mwanga, dzanja linanyamuka lokha.

"Imwani, a Tembo, mupezeko mphamvu."

Dzanja langa lili m'malere, maso anagwera pansapato ija. Kuseri kwake ba Shamilimo anali atatembenuza mutu, akundiyang'ana. Ndinabweza dzanja n'kulikhalira.

"Pepani amayi, sindimwa."

"Pang'ono chabe, mungolawa. Tachokera kutali."

"Sindimwa."

Amayi ena kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Wina anati, "Akukana mphatso ya mpingo?" Wina anati matenda afika kumutu. Amayi Zulu anatembenukira kwa mkazi wanga nati, "Amake Tisa, auzeni amuna anu, ife tichita manyazi kubwerera nalo." Mkazi wanga, amene sanayankhepo munthu wamkulu chikwatiwire, anaimirira. Anangogwira bulangeti n'kuvundukula phazi langa, bandeji itanyowa, zala zakuda zikuonekera. Fungo linadzaza pamene tinali. Kenaka anati, "Amayi, mwapempherera phazi ili. Chimene chikulidya ndi chimene chili m'manja mwanucho."

Amayi Zulu anayang'ana phazi, anayang'ana botolo, natseka chitsekero pang'onopang'ono. Ena anatuluka atakwiya, ndipo alipo amene mpaka lero amandipatsa moni wa kumphuno. Palibe kanthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo tsiku limenelo mnansi wanga anali munthu wachilendo wa mwendo umodzi.

Madzulo ake ndinaitana sisita n'kumuuza zonse za pansi pa bulangeti. Anandikalipira, ndipo anayenera. Masiku otsatira anali owawa kuposa pamene ndinasiya kachasu. Mutu unkawawa, ndinkakwiya ndi aliyense, tiyi wopanda shuga ankamveka ngati madzi otsukira mbale. Koma shuga anayamba kutsika. Kuda kuja kunaima. Adokotala anachotsa chala chachikulu ndi chinzake, mwendo anausiya. Tsiku lotuluka ndinafuna kubweza nsapato ija. Ba Shamilimo anakana. Anati, "Sungani. Botolo ili na njira zambiri, mwina muzaifuna."

Zimene ndimachita tsopano si zamatsenga. Makina ndinawasuntha, ndinachoka pafupi ndi firiji, ndili kumapeto kwa khonde. Pansi pa makinawo pamakhala chigubu cha madzi, ludzu likabwera limapeza madziwo. Mankhwala ndimamwa monga anandiuzira, ndipo tsiku la kukiliniki sindiphonya ngakhale pakhale madiresi a ukwati. Nsima ndinachepetsa, ndiwo zamasamba ndinachulukitsa. Masana ndimanyamuka pampando n'kuzungulira msika. Madzulo aliwonse amake Tisa amayendera mapazi anga ngati mlimi woyendera munda, chifukwa ine sindingamve ngakhale minga italowa, ndipo sindiyendanso wopanda nsapato. Kasitomala akafuna kuthokoza ndimati abweretse nsawa kapena mazira. Ndikafika pakhomo la munthu ndimayambiratu kunena ndisanakhale pansi kuti musatume mwana, ndipatseni madzi. Ena amakhumudwa. Akhumudwe, phazi ndi langa. Mdzukulu wanga ndinamupeza akuyamwa dirinki m'botolo la mwana, mano akutsogolo atayamba kale kuda asanathe n'kumera komwe. Tisa ndinamukalipira mpaka anandinyanyalira, koma analeka. Makina ndimapalasa ndi chidendene, pang'onopang'ono, koma amayenda.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi. Lole ya madirinki imafika mpaka kumidzi kumene mjigo unafa kalekale osakonzedwa. Mwana amapeza botolo lozizira msanga kuposa madzi abwino. Ndipo ife, anthu a Mulungu, amene timadzudzula mowa Sabata lililonse, tinatenga chinthu ichi n'kuchiveka ulemu. Woledzera timamuona, timamupempherera, timamuthamangira. Koma munthu akumwa shuga kuyambira m'mawa mpaka madzulo timati ndi wodalitsika. Sindikunena kuti botolo limodzi paukwati lidzakudulani mwendo. Ndikunena kuti ambiri a inu simuli pa botolo limodzi, ndipo mukudziwa. Alipo muno amene ludzu silikuwatha, amene maso ayamba chifunga, amene mapazi amachita dzanzi. Pitani mukayezetse, kubaya kwake n'kochepa kuposa kwa singano yanga. Ndipo mukapita kukaona wodwala, funsani kaye anamwino chimene angadye. Nyamulani sopo, nyamulani mazira, kapena pitani chimanjamanja mukangokhala naye. Manyazi a chimanjamanja sanaphepo munthu.

Mwina mukufunsa za ba Shamilimo. Anatuluka pambuyo panga, nabwerera ku Shikabeta. Ndinamva kuti abale anawalandira ndi phwando, makireti ataunjikana, poti munthu wabwerako kuimfa. Kantemba kawo kanali kakuwadikira, ndipo alendo odzawapepesa ankabwera tsiku ndi tsiku, aliyense ndi mwambo wake m'chitenje. Munthu amene anandipulumutsa ine analibe womuvundukulira bulangeti. Mwezi wathawu kondakitala wa minibasi anaima pakhonde langa n'kundipatsa kaphukusi, mkati muli nsapato ya kumanja, inzake ya ija. Anati wapatsidwa ndi bambo wina amene amachokera kuchipatala atanyamulidwa, miyendo yonse iwiri palibe. Uthenga wake unali wakuti, "Uzani ba telala kuti peya yakwana. Ine nilibe povalika."

Ndi izi. Ya kumanzere ndi iyi, ya kumanja ndi iyi. Ine sindingazivale, phazi langa tsopano limafuna nsapato yofewa, yotakasuka. Zavalidwa kamodzi kokha.

Polowa muno ndaona makireti aja mwaika pakhomo, pamthunzi, oti timwe tikatha mapemphero. Sindikutayirani, si ine ndinagula. Ndingopita kukaika nsapatozi pamwamba pake. Amene akufuna botolo azichotse yekha ndi dzanja lake, ndipo azitembenuze aone saizi. Ndi eyiti, ambiri a inu madodana zikukwanani.

Abusa, nthawi yanu ndabweza. Ambuye atichitire chifundo.